Nyimbo zolira m'malo a malonda zili ndi eni ake

Eni malo odyera, malo omwera mowa, masaluni ndi malo ogona alendo ambiri m'mizinda yathu ayamba kusiya flashi ndi memori khadi. Masiku ano amangolumikiza foni ku sipika n'kutsegula Spotify, Boomplay kapena YouTube, ndipo ena amalipira mwezi ndi mwezi kuti nyimbo zisamadukizidwe ndi mauthenga otsatsa malonda. Chifukwa cha ndalama imeneyi, iwo amakhulupirira ndi mtima wonse kuti woyimba walandira zake. Ine ndikuona kuti chikhulupiriro chimenechi n'cholakwika, ngakhale kuti anthu ambiri amene ali nacho alibe cholinga chobera munthu.

Spotify ndi kampani ya ku Sweden imene inayamba kutumikira anthu m'chaka cha 2008, ndipo inafika ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique mu February 2021. Malamulo amene munthu amavomereza polembetsa, omwe ambirife timangodina osawerenga, amanena momveka bwino kuti nyimbozo ndi zomvera munthu payekha, osati zochitira malonda. Kumvera nyimbo m'nyumba mwanu ndi chinthu china, ndipo kuiliza pagulu kuti makasitomala akhalitse, aitanitse botolo lina kapena abwerenso mawa ndi chinthu chinanso. Pamenepa nyimbo yasanduka chipangizo cha bizinesi, chimodzimodzi firiji imene ikuziziritsa zakumwa, ndipo palibe amene amayembekezera kuti firijiyo ayendetse popanda kulipira magetsi.

Bizinesi yogulitsa nyimbo kwa amalonda si yachilendo. Ku America, kampani ya Muzak inayamba kale m'zaka za m'ma 1930 kutumiza nyimbo pa mawaya kupita m'mahotela ndi m'malo odyera, ndipo mu 2011 inagulidwa ndi Mood Media. Mu 2013 ku Stockholm kunabadwa Soundtrack Your Brand, imene Spotify inaikamo ndalama, ndipo ntchito yake ndi kupereka nyimbo za pa intaneti kwa amalonda movomerezeka. Mwini sitolo amatha kukonzeratu zoti zilire m'mawa ndi zoti zilire madzulo, kutsekereza nyimbo zotukwana, kusunga nyimbo m'chipangizo kuti zizilirabe netiweki ikasowa, komanso kuyendetsa nthambi zingapo ali pamalo amodzi. Mtengo wake ndi wokwera kuposa wa munthu wamba, ndipo m'mayiko ambiri mwini sitoloyo amafunikabe chiphaso cha bungwe lotolera ndalama za oyimba. Abale athu amene ali ndi mashopu ku Johannesburg amakumana ndi mabungwe otere otchedwa SAMRO ndi SAMPRA, pomwe a ku Britain amalipira TheMusicLicence, chiphaso chimodzi chimene mabungwe a PRS ndi PPL anayamba kuperekera limodzi mu 2018.

Kwathu kuno udindo umenewu uli m'manja mwa COSOMA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo pano likugwira ntchito motsatira lamulo la umwini wa luso la mu 2016. Amalonda ambiri amadandaula akauzidwa za chiphaso cha COSOMA, ndipo funso limene amakonda kufunsa ndi lakuti: kodi ndalamayi ikafikadi kwa woyimba amene nyimbo zake zimalira pamalo panga? Oyimba ena amalitenga funsoli ngati njira yozembera kulipira, ndipo nthawi zina amakhala akunena zoona. Komabe ine ndimaliona kuti ndi funso lolemera, mwinanso lolemera kuposa onse pa nkhani imeneyi. Wailesi ikhoza kulemba mndandanda wa nyimbo zimene yaulutsa pa tsiku n'kuupereka ku bungwe. Mwini bala wa pa Bwandilo, ku Chigwirizano kapena pa Kamba sangakhale ndi kope pa kauntala n'kumalemba nyimbo iliyonse kuyambira masana mpaka m'bandakucha. Choncho mabungwe otolera ndalama m'mayiko ambiri amagawa ndalama zochokera m'malo otere poyerekeza ndi zimene zamveka pa wailesi kapena ndi kafukufuku wa malo ochepa. Zotsatira zake n'zosavuta kuziona. Woyimba amene nyimbo zake zimagwedeza mabala ndi maukwati, koma oulutsa mawu samukonda, amagwirira ntchito mnzake wotchuka pa wailesi.

Apa ndi pamene ndikuona phindu lenileni la nyimbo za pa intaneti zokonzera amalonda, ndipo si kuchuluka kwa nyimbo kapena kumveka bwino kwake ayi. Phindu lake ndi kaundula. Chipangizo chimadziwa nyimbo imene yalira, nthawi yake, malo ake ndi kangati, popanda munthu kugwira cholembera. Kaundula ameneyu atamafika ku COSOMA mwezi uliwonse, mwini bala akhoza kuona ndi maso ake kumene ndalama yake yapita, woyimba akhoza kuona mzinda umene ukumukonda, ndipo mikangano yambiri ya pa nthawi yogawa ndalama ikhoza kuchepa.

Wina anganene kuti pamene foni ya m'bala ikuliza nyimbo pa Spotify woyimba amapezabe kangachepe. N'zoona, koma tione kachepeko. Spotify imasonkhanitsa ndalama za olembetsa ndi za otsatsa malonda m'dziko, n'kutenga gawo lake, kenako n'kugawa zotsalazo molingana ndi kuchuluka kwa maulendo amene nyimbo iliyonse yamvedwa kwa masekondi osachepera 30. Foni imodzi imene ikusangalatsa chikhamu cha anthu usiku wonse imawerengedwa ngati womvera mmodzi. Kuonjezera apo, kuyambira mu 2024 nyimbo imene sinamvedwe maulendo 1,000 m'miyezi 12 silandira kanthu pa thumba la eni nyimbo zojambulidwa. Lipoti la IFPI, bungwe loimira makampani ojambula nyimbo padziko lonse, linaonetsa kuti mu 2024 malonda a nyimbo zojambulidwa padziko lonse anafika pa madola 29.6 biliyoni, ndipo pafupifupi 69 peresenti inachokera ku kumvera pa intaneti. Mayiko onse a kummwera kwa chipululu cha Sahara pamodzi anangopitirira pang'ono madola 100 miliyoni, ndipo gawo lalikulu kwambiri linali la South Africa. M'dziko ngati lathu, mmene anthu olipira mwezi ndi mwezi ndi ochepa ndipo bandulo ndi yodula, nyimbo zimamvedwa kwambiri pagulu: m'minibasi, pometa tsitsi, pa chinkhoswe, m'malo achisangalalo. Ndalama ya woyimba wa ku Malawi ili kumeneko kuposa m'mahedifoni.

Akuluakulu akukumbukira nthawi ya makaseti, pamene woyimba ankapita ndi nyimbo zake kwa O.G. Issa ku Limbe ndipo kaseti yovomerezeka inkadziwika ndi kachizindikiro konyezimira ka COSOMA. Dongosolo limenelo linali ndi zofooka zake, koma panali chinthu chowerengeka. Kenako kunabwera anyamata owotcha nyimbo pa kompyuta m'misika, ndipo kuwerenga konse kunatha. Ndalama imene pano imatoleredwa pa zipangizo zosungira nyimbo zolowa m'dziko yathandiza oyimba ambiri, koma nayonso siingatiuze kuti nyimbo iti yalira kuti.

Sindikunena kuti mwini saluni wa ku Ndirande alembetse mawa ku kampani ya ku Stockholm. Mitengo yake ili m'ndalama zakunja zimene ngakhale ogulitsa mafuta akuzisowa, kulipira kwake kumafuna khadi la ku banki, ndipo nyimbo zambiri zakale za kwathu sizipezekamo. Chimene ndikulakalaka ndi chathuchathu: COSOMA igwirizane ndi akatswiri athu a zamakompyuta komanso makampani a mafoni kuti pakhale njira imodzi yolipirira nyimbo ndi chiphaso pamodzi, pa mtengo wa kwacha, kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Mtengowo usiyane malinga ndi kukula kwa malo, chifukwa hotela ya ku Mangochi ndi kanyumba kometera tsitsi ka ku Mchesi sizingalipire mofanana. Nyimbo zizisungika m'foni kuti bandulo isamathe tsiku lililonse, ndipo kaundula azitumizidwa netiweki ikapezeka. Oyimba nawonso ali ndi ntchito yawo. Ambiri amatulutsa nyimbo pa WhatsApp popanda kuilembetsa kulikonse, popanda nambala ya ISRC yozindikiritsa nyimbo yojambulidwa, ndiponso popanda kugwirizana polemba ndi wojambula nyimboyo za gawo la aliyense. Kaundula sangalipire munthu amene dzina lake mulibe.

Pali chifukwa china chofulumirira. Kunja kwadzaza makampani ogulitsa nyimbo zosafuna chiphaso, zopangidwira kungodzaza phokoso m'sitolo, ndipo tsopano kwabweranso nyimbo zopangidwa ndi makina. Mu 2025 kampani ya nyimbo za pa intaneti ya Deezer ya ku France inalengeza kuti tsiku lililonse ikulandira nyimbo zikwizikwi zopangidwa ndi makina kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mwini bala sangayerekeze kuliza zoterezi Lachisanu usiku, chifukwa makasitomala amufunsa nyimbo imene akuidziwa. Koma mwini golosale yaikulu, banki kapena malo odyera a m'hotela, amene amangofuna kaphokoso kakumbuyo, akapeza kuti chiphaso n'chovuta kulipira ndipo sakudziwa kumene ndalama yake ikupita, adzasankha nyimbo za makinazo mosazengereza, ndipo amenewa ndiwo amalonda amene akanatha kulipira ndalama zambiri.