Kodi mbalame za m'dziko muno ndi za alendo okha?

Ndakwiya ndipo ndilankhula. Loweruka lapitali ndinali ku Senga Bay, pamchenga, kamera ili m'manja, maso ali kumwamba. Nkhwazi ziwiri zimazungulira pamwamba pa madzi, dzuwa lili kumbuyo kwanga, nthawi yeniyeni imene wojambula aliyense amaidikirira. Ndiye kutulukira mlonda wa loji ina ya pompo. "Achimwene, mukujambula chiyani? Wakutumani ndani? Chilolezo chili kuti?" Ndinamuyankha mwaulemu kuti ndikujambula mbalame. Anaseka. Anaitana mnzake kuti adzamve, nayenso kuseka mpaka kugwira nthiti. Wina amene amasewera bawo chapafupi n'kuponyapo mawu akuti amenewa asowa chochita, mwina mutu sukuyenda bwino.

Chapatali pang'ono panali mzungu. Kamera ili m'manja, lenzi yaloza nkhwazi zomwezo. Iyeyo palibe anamufunsa kanthu. Anachita kumutengera mpando. Ine nkhwazi zinapita ndili mkati moyankha mafunso.

Ndiye ndifunse, anthuni. Mlendo akayang'ana kumwamba akuti ndi wokaona malo, Mmalawi akayang'ana kumwamba akuti ndi wamisala. Mlendo akaima ola lathunthu kudikira mbalame akuti ndi wophunzira, ine ndikaima akuti ndine kazitape kapena mfiti. Mbalame yake yomweyo, nyanja yomweyo, thambo lomwelo. Chasiyana ndi khungu la munthu wagwira kamerayo basi. Zimenezi zimandinyansa.

Ndipo mbalame imene amandiseka nayoyo si mbalame wamba. Tengani pasipoti yanu muone pachikuto. Pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi pali nkhwazi, mapiko ili tambasu, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake. Anzathu a ku Zambia anachita kuiika pambendera. Ndiye nkhwazi ya papepala tiziilemekeza, koma yamoyo, yolira pamutu pathu, Mmalawi akailoza kamera akhale wopenga? Dziko lino lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650. Anthu amakwera ndege kuchokera ku London, ku Johannesburg, kulipira ndalama zankhaninkhani kuti adzaone zimene ife timaziona ulele tikamapita kumunda. Iwo akaziona ndi chuma. Ife tikaziona ndi kusowa ntchito.

Pitani ku Cape Maclear mukaone. Anyamata a maboti kumeneko amaidziwa nkhwazi kuposa buku lililonse. Amaimba likhweru, kuponya nsomba pamadzi, nkhwazi n'kuchoka mumtengo pachilumba cha Thumbi, kutsika mwaliwiro, zikhadabo patsogolo, kutola nsomba ija osamira n'komwe. Alendo kujambula, kuwomba m'manja, kupereka ndalama. Luso limenelo ndi la Amalawi. Likhweru ndi la Mmalawi, boti ndi la Mmalawi, nsomba ndi ya m'nyanja yathu. Koma chithunzicho, ayi, chimenecho chikhale cha mlendo. Mmalawi ntchito yake ndi kuponya nsomba, osati kugwira kamera. Ndi zimene mukundiuza?

Ena muti ndi umphawi, ena muti ndi maganizo amene anatisiyira atsamunda. Kaya. Ine sindikufuna zifukwa, ndikufuna mundisiye ndijambule.

Ondisekawo atakhala pansi mphindi zochepa chabe akanaona zimene sanazionepo chibadwire, chonsecho amakhala pompo. Mbalame zikuluzikuluzi sizikonda kuuluka m'mamawa kwambiri. Zimadikira dzuwa litenthetse nthaka, mpweya wofunda uyambe kukwera, ndiye zimangotambasula mapiko n'kumazungulira mumpweyamo, kukwera, kukwera, osakupiza ngakhale kamodzi. Muone kabawi, yemweyu timamutukwana chifukwa cha anapiye. Mchira wake uli ndi mphanda, ndipo ndi umene amawongolera ulendo, kuupotoza uku, kuupotoza uko, thupi lili phee. Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zikatuluka, amazigwira ndi mapazi ali m'mwamba n'kumadyera momwemo osatera. Nkhwazi ikamalira imaponya mutu chagada, ngakhale ili pakati pouluka, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimalandizana. Yaikazi ndiye imakhala yaikulu. Nanga mbalame zoyera za mitu yotuwa zimene zimatsatira asodzi akamabwera ndi usipa, zimangoyandama pamphepo pamwamba pa bwato ngati zamangidwa ndi ulusi. Kujambula zimenezi si masewera. Kamera iyenera kutsekula ndi kutseka mwachangu kwambiri, apo ayi mapiko amangotuluka chimbuuzi. Dzuwa likhale kumbuyo kwako, apo ayi ujambula mthunzi wakuda. Umaphonya zambirimbiri kuti upeze chimodzi chabwino. Ndiye chimodzi chimenecho chili pafupi kutheka, munthu akugwire paphewa kuti chilolezo chili kuti. Chilolezo choyang'ana kumwamba? Ndikachitenge kwa yani?

Sindikudana ndi alendo ayi. Abwere, ajambule, asiye ndalama, abale athu adye. Koma akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mzungu uja pano anakwera ndege. Nkhwazi zija zatsala ndi ife, anthu amene timaseka aliyense wozikonda. Mwana amene anaima poteropo n'kumaona mlonda akundiseka waphunzirapo chiyani? Waphunzira kuti mbalame ndi ya mlendo, yake ndi ya ndiwo basi. Mawa mukamupeza ndi legeni mudabwa?

Timakonda kudandaula kuti zachilengedwe zikutha. Zikutha, inde. Ku Liwonde miimba inasoweratu, inayambanso kuoneka atabweretsamo nyama zija zothamanga kwambiri zotchedwa cheetah mu 2017 ndi mikango pambuyo pake, chifukwa mitembo ya nyama inayamba kupezekanso. Zinatengera ndalama ndi khama kuti mbalame zimene zinali zathu kale zibwerere. Ndiye wina wa konkuno akasonyeza chidwi, m'malo momulimbikitsa, timamutcha wamisala. Tikufuna azisamala mbalamezi ndani? Amene amabwera sabata ziwiri n'kubwerera kwawo?

Mundiseke mmene mungathere, kamera sinditaya. Koma funso la chilolezo lija mukalifunsenso kwa mlendo, ndimve. Mukamufunse amene wamutuma. Simungayerekeze.

Ndipo poti tayamba, tinene ndi za masipika. Munthu wachoka ku Lilongwe, wayenda ulendo wonsewo kudzafika kunyanja, chinthu choyamba n'kutsegula zitseko zonse za galimoto, nyimbo mpaka mchenga kunjenjemera. Nkhwazi ikulira pamwamba pake, iye sakumva. Mbalame zonse za m'mbali mwa madzi kubalalika. Akamachoka, mabotolo osweka, mapepala a pulasitiki, matewera a ana, zonse kusiya pomwepo. Ameneyo mlonda samufunsa chilolezo. Ameneyo ndi bwana.