Ka Etios kanga ndi mapepala a ku Joni

Abale akumudzi, lekani kunditumizira zithunzi za ma Belta ndi ma Axio n'kumafunsa kuti "akulu, ku Joniko si zotchipa zimenezi?" Kuno kulibe zimenezo. Galimoto zakaunjika za ku Japan zimene zadzaza m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre boma la South Africa salola kuti zilembetsedwe kuno. Zimatsika pa doko la Durban, kuima m'mayadi otseka, kenako n'kukwezedwa pa mathiraki ulendo wa ku Zimbabwe, Zambia ndi kwathuko. Ife timangozionera pamsewu zikudutsa. Eni dziko akuteteza mafakitale awo, poti Polo Vivo amapangira ku Kariega, Corolla ku Durban. Ukafuna galimoto kuno ugula yomwe yatopa kale m'misewu yakuno, pa mtengo wakuno, ndiponso ndalama yonse pamanja, chifukwa banki ikaona pasipoti ya Malawi ndi pemiti ya zaka zochepa, nkhani ya ngongole imathera pomwepo.

Ine ndinkafuna kakang'ono ka zitseko zinayi, kokhala ndi buti yakeyake, koti ndizinyamulira anthu pa Bolt ndi Uber. Madalaivala anzanga onse ankangoti Etios. Toyota inayamba kuigulitsa kuno mu 2012 n'kuisiya mu 2020. Ndi yopangidwa ku India, injini ya 1.5, siimwa mafuta ndipo masipeya ake ali paliponse. Kukongola ayi. M'kati ndi pulasitiki yekhayekha, ndipo mita ya liwiro anakaiika pakati pa dashibodi m'malo mwa kutsogolo kwa chiwongolero. Polo Vivo ndinaikana chifukwa akuba akuno amaikonda kuposa eni ake. Aveo ndi yotsika mtengo, koma Chevrolet inalongedza katundu m'dziko muno mu 2017, ndiye ndani afuna galimoto yamasiye?

Amene anafikako ku Jules Street, ku Malvern kuno ku Joni, akudziwa mmene kulili. Mayadi a galimoto kuyambira uko mpaka uko, matayala opakidwa polishi, mitengo yolembedwa pagalasi, anyamata ataima pageti kukuitana. Ukangotsegula pakamwa, iwo amva kale kuti ndiwe wobwera, ndipo mtengo wa pagalasi uja umasanduka "wakale, tinaiwala kufufuta". Pa yadi ina anandionetsa Etios yoyera, mita ikuti makilomita 96,000. Injini anaitsuka mpaka kuwala. Koma labala ya pa kilatchi inali itatha mpaka chitsulo kuonekera, chiwongolero chili see, mpando wa dalaivala utalowa pansi. Nditatsegula chitseko ndinapeza kasitika ka galaja kamene anaiwala kumatula, kolembedwa ndi bolopeni kuti oyilo adzasinthenso pa 214,000. Nditamuonetsa wogulitsayo sanachite ngakhale manyazi. Anangokamatula ndi chikhadabo, kukaponya pansi, n'kundifunsa ngati ndili ndi dipoziti. Buku la sevisi? Akuti lili kwa mwini wake wakale, ndipo mwini wakeyo anasamukira ku Cape Town. Eni ake onse a galimoto za mumsewu umenewu anasamukira ku Cape Town.

Ndiye pali za ma code. Pa pepala la galimoto, code 2 ndiye yogwirapo kale ntchito, code 3 ndi yomwe inaphwanyika n'kumangidwanso. Aliyense amakuuza kuti thawa code 3. Chimene sakuuza n'chakuti galimoto zambiri zimene a inshulansi anazitaya zitachita ngozi zimagulitsidwa pa okushoni zikadali code 2, munthu n'kukaziwongola kuseri kwa nyumba, kupaka penti, basi zabwerera pamsewu. Makaniko amene ndinayenda naye, bambo wina wa ku Mozambique, sankaona n'komwe penti. Ankangovundukula kapeti wa mu buti, kuchotsa tayala la sipeya, n'kumasisita pansi ndi chala kufuna pamene anawotcherera.

Zonsezi munthu ungapirire. Chitsulo ndi chitsulo, ukakhala ndi maso ndi makaniko wabwino upeza chabwinoko, ndipo ine ndinapeza Etios ya 2016 pa R82,000. Chimene chinandiwawa mpaka kundisowetsa tulo ndi mapepala.

Mlendo sangalembetse galimoto m'dzina lake popanda nambala yotchedwa traffic register number. Kuti uipeze umafunika pasipoti, pemiti, zithunzi ndi umboni wa kumene ukukhala. Umboni wotani kwa munthu wogona m'kachipinda ka kuseri, amene lendi amapereka pamanja? Umayenera kukachonderera landilodi kuti akalumbire kupolisi kuti umakhala pakhomo pake, ndipo landilodi wangayo anayamba wafunsa kuti apezapo chiyani. Ku ofesi nako, lero akuti netiweki yagwa, mawa akuti amene amasaina kulibe, mkuja akuti ofesi ino si ya dera lako. Pakali pano lamulo likuti galimoto uilembetse pasanathe masiku 21 chiigulireni, ndipo satifiketi ya roadworthy, yosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, imatha mphamvu pakatha masiku 60. Yanga inathera m'thumba ndikudikira nambala ija, ndinakalipiranso kachiwiri. Panja pa ofesi pamakhala anyamata oti ukawapatsa kenakake nambala imatuluka sabata yomweyo. Netiweki yawo iwowo siigwa.

Apa ndi pamene amatulukira achibale athu. Sindikunena za eni dziko, ndikunena za dobadoba wolankhula Chichewa chokoma, wokuitana kuti achimwene, wokufunsa za mvula ya kumudzi. Wanga ndinakumana naye kutchalitchi. Ndi iyeyo amene anandilozera galimotoyi, ndipo anati wogulitsa ndi mnzake wapamtima. Ataona kuti nambala ikuchedwa anabwera ndi nzeru: "Achimwene, musavutike. Tilembetse m'dzina la alamu anu, ali ndi ID yakuno. Galimoto ndi yanu ndithu, pepala ndi pepala chabe." Ndinakana, ndipo anakwiya ngati ndatukwana mkazi wake.

Pepala si pepala chabe. Mnyamata wina wa ku Mangochi amene tinkaima naye pa renki analembetsa Almera yake m'dzina la chibwenzi. Atayambana, mayi uja anangopita kupolisi ndi satifiketi ya umwini wa galimoto kukanena kuti galimoto yake ili ndi munthu amene akukana kubweza. Mnyamata anatsala ndi makiyi a sipeya. Akadandaule kuti, pamene kompyuta ya boma ikuti galimoto si yake? Ndipo pa satifiketi yomweyo pali mizere iwiri, wa owner ndi wa title holder. Ngati pa title holder pali dzina la banki, wokugulitsayo akukugulitsa ngongole yake, tsiku lina adzabwera anthu ndi thiraki kudzaikoka iwe uli ndi kasitomala m'kati.

Nambala itatuluka ndinapeza kuti wogulitsa uja sanapereke fomu yachikasu yodziwitsa boma kuti galimoto yasintha manja, komanso disiki ya laisensi inali itatha kalekale. Zotsalira ndi chindapusa chake zinagwera ine, apo ayi disiki yatsopano osatuluka. Foni yake inasiya kupezeka. Patangopita milungu yochepa giya yachitatu inayamba kulira. Lamulo loteteza ogula la 2008 limati ukagula kwa wabizinesi uli ndi miyezi 6 yobweza katundu wowonongeka, ndipo kuli ngakhale ofesi ya ombudsman yoona za galimoto. Koma wondigulitsa uja, munthu wa yadi yodzaza galimoto, pa pangano analemba dzina lake ngati munthu wamba wogulitsa galimoto ya pakhomo, n'kuwonjezera kuti voetstoots, watenga mmene ilili. Amadziwa bwino lomwe kuti mlendo amene pemiti yake ili m'njira sangataye masiku a ntchito kumakazungulira m'makhoti.

Giyabokosi ndinakonzetsa ndekha, R6,500. Galimoto ikuyenda, ili m'dzina langa, ndipo satifiketi ndinaibisa pamalo poti ngakhale mkazi wanga amachita kufunsa. Lamulungu lapitali dobadoba uja anandipeza panja pa tchalitchi, Baibulo kukhwapa, n'kundikumbutsa kuti ndikadali ndi R1,500 yake ya "kukupezerani galimoto yabwino". Ndamuuza kuti abwere ndi mnzake wapamtima uja, tikhale pansi atatu ndi risiti ya giyabokosi. Akuti mnzakeyo anasamuka.