Wodwala wa dialysis akanjenjemera, musangoti ndi malungo

Inu amene mukudwazika m'bale wanu wa matenda a impso, ndikupempheni chinthu chimodzi. Akayamba kunjenjemera ndi kutentha thupi, makamaka ali pa makina a dialysis, osefa magazi m'malo mwa impso, kapena atangotsikapo, musathamangire kukagula panado pa golosale n'kumati ndi malungo. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukanene msanga kuti ali ndi catheter, kapaipi komulumikizira ku makinawo.

Kapaipi kaja kotulukira pachifuwa ambiri amakayesa ka dripu wamba. Ayi ndithu. Madokotala amakalowetsa mu mtsempha waukulu wa m'khosi, kawirikawiri wa kumanja, mpaka nsonga yake ikafike pakhomo pa mtima penipeni. Mbali inayo amaidutsitsa kunsi kwa khungu, ndipo pamenepo pali kansalu komwe mnofu umamererapo, kuti paipi isasololoke komanso tizilombo tisalowe mosavuta. Ameneyu ndiye permcath. Koma tizilombo tikangopeza mpata, timalowa m'magazi mwachindunji, ndipo tovutitsa kwambiri ndi ta Staphylococcus, tomwe timakhala pakhungu pomwepa. Munthu wocheza bwinobwino m'mawa, pofika usiku akhoza kukhala ali kayakaya.

N'chifukwa chake bandeji yophimba potulukira paipiyo isanyowe. Zodzikhuthulira madzi kuyambira kumutu zisiyeni, pachifuwa muzingomupukuta ndi kansalu. Zotsekera ziwiri za kumapeto kwa paipi zija, chofiira ndi chabuluu, azitsegula anamwino a dialysis okha basi. Mukaona mafinya, kufiira, kapena kansalu ka kunsi kwa khungu kaja katayamba kuonekera kunja, musadikire tsiku lake la makina.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti permcath amayenera kungothandiza podikira fistula. Pa fistula dokotala amalumikiza mitsempha iwiri ya pamkono, osasiyamo paipi iliyonse, ndiye matenda olowa m'magazi amachepa kwambiri. Koma imafuna milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo kuti ikhwime, pamene ambiri amafika ku Queens kapena ku Kamuzu Central atatupa kale, akubanika, moti sizitheka kudikira.

Choncho a shuga ndi a BP amene mwauzidwa kuti impso zikufooka, funsani za fistula lero, musanafike pa makina. Ndipo dzanja lomwe simugwiritsa ntchito kwambiri lisungeni, poti fistula kawirikawiri amaipanga kumkono umenewo: potenga magazi kapena poika dripu, pemphani mwaulemu kuti abaye linalo kapena kuseri kwa chikhatho, chifukwa mitsempha yobayidwabayidwa imauma ndipo fistula imakanika.