Musathire mankhwala pa mtembo umene wapezeka kutchire

Mtembo ukapezeka m'munda kapena m'mbali mwa msewu, anthu amathamangira kuthirapo parafini kapena mankhwala a tizilombo kuti ntchentche zichoke. Amachita pofuna kulemekeza malemu, koma akufafaniza umboni umene apolisi ndi a SERNIC (bungwe lofufuza milandu ku Mozambique) akanaugwiritsa ntchito. Umboniwo ndi mphutsi za ntchentchezo, zimene zimathandiza kuyerekeza masiku amene apita munthuyo atafa.

Ntchentche zobiriwira zija, monga za mtundu wa Chrysomya, zimafika patangopita mphindi zochepa munthu atafa, n'kuikira mazira m'maso, m'mphuno, m'kamwa ndi pa mabala. Kukatentha, mazira amaswa tsiku lisanathe. Mphutsi imafundula kawiri ikamakula, ndipo katswiri amadziwa msinkhu wake poyang'ana timabowo topumira ta kumbuyo kwake. Ikakhuta imachoka pa thupi n'kukabisala m'dothi, khungu lake n'kuuma kukhala kachikwa kofiirira. Choncho mphutsi yakale kwambiri nthawi zambiri siikhala pa mtembo. Ofufuza akumbe dothi mamita angapo kuzungulira malowo.

Chovuta ndi kutentha, chifukwa mphutsi zimakula msanga kukatentha ndipo zimachedwa kukazizira. Mu Okutobala mumzinda wa Tete kumapitirira madigiri 40, pamene ku Ulongwe, m'boma la Angónia, mu Juni kumazizira kwambiri. Mphutsi ziwiri zotalika mofanana, ina ya ku Moatize kufupi ndi Tete ina ya ku Angónia, zikhoza kukhala za masiku osiyana. Ofufuza ayeze kutentha kwa mpweya, kwa dothi, komanso pakati pa mulu wa mphutsi, chifukwa muluwo umatentha kuposa kunja.

Katengedwe ka mphutsi n'kosavuta. Mphutsi zazikulu aziphe m'madzi otentha kwambiri, madigiri 80 kapena kuposerapo, kwa masekondi 30, kenako aziike mu sipiriti wa 70 mpaka 80 peresenti. Akaziponya zamoyo mu sipiriti zimakwinyika, muyeso n'kulakwika. Zina azisunge zamoyo m'kabotolo kolowa mpweya, ndi kachidutswa ka chiwindi, kuti zisanduke ntchentche mtundu wake udziwike. Pepala la tsiku, ola ndi malo alembe ndi pensulo, inki imasungunuka.

Mphutsi zimanena nthawi imene ntchentche zinafika, osati ola limene munthu anafa. Mtembo wokulungidwa m'bulangete, wotsekeredwa m'nyumba kapena umene unali m'madzi a Zambezi, ntchentche zimaufika mochedwa, ndipo nyerere zimatha kututa mazira oyambirira. Koma mphutsi zikaunjikana m'zikhatho, malo amene ntchentche sizikonda kuyambira, wofufuza aganizire mabala a munthu amene ankatchinga chikwanje.