Dokotala wa mtima amene anatuluka m'wodi kukalimbana ndi fodya

Ndakhala ndikumva anthu akunena kuti dokotala waluso akasiya kuona odwala n'kuyamba kuyendera misonkhano ya m'mayiko akunja, ndiye kuti wathawa ntchito imene anaiphunzira ndipo wakopeka ndi ulemu komanso ndalama za m'mahotela. Nthawi zina mawuwa amakhala oona, koma sindikuvomereza kuti ndi oona nthawi zonse, ndipo munthu amene amandichititsa kukana ndi Profesa K. Srinath Reddy wa ku India, katswiri wa matenda a mtima amene theka la moyo wake wa ntchito analithera pa malamulo, pa sukulu ndi pa zokambirana za maboma.

Reddy anaphunzira udokotala ku Osmania Medical College mumzinda wa Hyderabad, kenako anapitiriza maphunziro a matenda a mtima ku All India Institute of Medical Sciences ku New Delhi, chipatala chimene anthu a ku India amachitchula mwachidule kuti AIIMS. Anakwera mpaka kukhala mkulu wa nthambi yoona za mtima pachipatalacho, ndipo anakhalaponso dokotala wa nduna yaikulu ya dzikolo, P. V. Narasimha Rao. Munthu wofika pamenepo sasowa kanthu, ndipo akanatha kukalamba akuchiza anthu olemera okhaokha. Koma iye anali atapitanso ku McMaster University ku Canada kukaphunzira za kafalidwe ka matenda pakati pa anthu, maphunziro amene safunsa kuti wodwala uyu timuthandize bwanji, koma amafunsa chifukwa chimene odwala a mtundu umodzimodzi akuchulukira chaka ndi chaka, ndiponso kumene akuchokera.

Funso limeneli ndimalimvetsa chifukwa cha zimene ndinaona pa malume anga. Anali mlimi wa fodya wa bale, munthu wamphamvu amene ankatha kusoka fodya m'chigafa kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndipo chingambwe chokulunga m'kapepala sichinkachoka pakamwa pawo. Kwa zaka zingapo ankadandaula mutu wa kunkhongo, ndipo tonse tinkati ndi kutopa. Tsiku limene anagwa pakhomo, kukamwa kutapotoka, dzanja lamanja likungolendewera, ndi tsiku limene anayezedwa bipi koyamba m'moyo wawo wonse. Ndikukumbukira namwino akumanga kansalu koyezera kaja pamkono, n'kuyang'ana manambala, n'kumasula, n'kuyezanso kachiwiri ngati sakukhulupirira. Anawasamala bwino kuchipatala, koma madzi anali atatayika kale. Ngakhale pakanakhala katswiri wa mtima woposa onse padziko lapansi pambali pa bedi lawo, sakanabweza zaka khumi zimene magazi awo anakhala akuthamanga popanda wina wodziwa. Amene akanawapulumutsa ndi munthu woonetsetsa kuti pachipatala chaching'ono cha kumudzi pali makina oyezera ogwira ntchito ndi mapilitsi otsika mtengo, ndiponso kuti mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu asayambe kusuta.

Ntchito imeneyo ndi imene Reddy anasankha. Mu 1992 iye ndi anzake anayambitsa HRIDAY, bungwe lophunzitsa ana a sukulu za kuopsa kwa fodya ndi kadyedwe kabwino, ndipo dzinalo m'Chihindi limatanthauza mtima. Pambuyo pake anali m'gulu loimira India pa zokambirana za pangano la mayiko lochepetsa kusuta fodya, limene msonkhano waukulu wa World Health Organization (WHO), bungwe loona za umoyo padziko lonse, unavomereza ku Geneva mu May 2003 ndipo linayamba kugwira ntchito mu February 2005. Panganoli limalimbikitsa maboma kukweza misonkho ya ndudu, kuletsa kutsatsa fodya, kuika machenjezo pamapaketi ndi kuteteza anthu osasuta ku utsi wa anzawo. Chaka chomwecho cha 2003 bungwe la WHO linamupatsa mphoto chifukwa cha ntchitoyi, ndipo mu 2005 boma la India linamulemekeza ndi Padma Bhushan, imodzi mwa mphoto zapamwamba za ulemu m'dzikolo. Mphotozo sindizo zimandikhudza kwenikweni. Chimandikhudza n'chakuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni pachaka, ndipo palibe dokotala wa manja awiri amene angatsegule mitsempha yotsekeka ya anthu ochuluka chotero, pamene lamulo limodzi lokweza mtengo wa ndudu limafika m'thumba la wosuta aliyense tsiku lomwelo.

Mu 2006 anakhala mtsogoleri woyamba wa Public Health Foundation of India, bungwe limene anatsogolera mpaka 2022, ndipo linatsegula sukulu zophunzitsa za umoyo wa anthu ku Delhi, Gandhinagar, Hyderabad, Bhubaneswar ndi Shillong. Anatsogoleranso gulu la akatswiri limene mu 2011 linalangiza boma la India kuti likweze ndalama zimene limaika pa zaumoyo kuchoka pa 1.2 peresenti ya chuma cha dziko kufika pa 2.5 peresenti, kuti mankhwala ofunikira aziperekedwa kwaulere, ndiponso kuti gawo lalikulu la ndalamazo lizipita kuzipatala zazing'ono zapafupi ndi anthu. Taganizirani kuti mawu amenewa anachokera kwa munthu amene anakulira m'chipatala chachikulu cha makina odula, amene akanapindula kwambiri ndalama zikanapita kunthambi yake. Kenako anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa World Heart Federation, bungwe la padziko lonse loona za matenda a mtima, mu 2013 ndi 2014.

Njirayi sinali yosalala. Mu 2017 boma la India linaletsa bungwe lake la Public Health Foundation of India kulandira ndalama zochokera kunja, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene zinaperekedwa chinali chakuti linagwiritsa ntchito ndalamazo pokopa aphungu ndi atolankhani pa nkhani ya fodya. Amene amaganiza kuti ntchito ya m'misonkhano ndi yongodya zonona ayenera kukumbukira kuti dokotala wa m'wodi amathokozedwa ndi abale a wodwala, pamene wolimbana ndi malonda a fodya amadzipezera adani amphamvu, ndipo anthu amene wawapulumutsa samudziwa n'komwe, chifukwa munthu amene sanadwale sadziwa kuti pali amene anamutchinjiriza.

Ndikudziwa kuti nkhaniyi kwa ife Amalawi ndi yowawa, ndipo sindikufuna kuilambalala. Fodya yemweyo amene anawononga mitsempha ya malume ndi amene analipira fizi yanga, ndipo ndalama zakunja zambiri za dziko lathu zimadutsabe kumsika wa okushoni ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu. N'chifukwa chake Malawi anazengereza zaka makumi awiri, n'kudzalowa m'pangano lija mu 2023. Mlimi amene amamva kuti madokotala a m'mayiko akutali akulimbana ndi mbewu yake ali ndi ufulu wofunsa kuti adya chiyani. Panganolo lili ndi ndime yonena za kuthandiza alimi kupeza mbewu zina zopindulitsa, ndipo ndikuona kuti mayiko olemera sanaikepo mtima pa ndime imeneyi monga anachitira pa machenjezo a pamapaketi. Apa ndimaima ndi mlimi. Koma kuima ndi mlimi sikundichititsa kunena kuti Reddy analakwa, chifukwa mlimi yemweyo ali ndi mtima ndi mitsempha, ndipo kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse kuno kwathu ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri mwa iwo osadziwa.

Ndikuvomerezanso kuti m'dziko limene akatswiri a mtima ndi owerengeka, kuchoka kwa mmodzi m'wodi kumasiya mpata umene odwala amaumva sabata yomweyo. Komabe pamene bajeti ya zaumoyo ikulembedwa, kapena msonkho wa ndudu ukukambidwa, ndikufuna kuti m'chipindamo mukhale munthu amene anaikapo khutu pachifuwa cha wodwala n'kumva mtima ukulephera. Malume anga anakhala zaka zinayi pamphasa, akulankhula movutikira, ndipo azakhali ankawamwetsa phala ndi supuni m'mawa uliwonse mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.