"Of which" wanuyu akuchokera kuti kodi?

Dzulo madzulo mphwanga wanditumizira kalata yofunsira ntchito pa WhatsApp kuti achimwene tandionerani ngati ili bho ndisanaitumize. Mwanayu ndi wanzeru ndithu, MSCE anakhoza bwino, Chingerezi amayankhula mosadodoma. Koma mzere woyamba womwewo ndinagwira mutu. Analemba kuti "I am applying for the post of which I saw in the newspaper, of which I have all the qualifications." Ndinamuimbira foni ndikumufunsa kuti iwe "of" ameneyu wabwera ndi ndani? Anaseka nkuti amamveka wa ofesi basi. Eti wa ofesi kkkk.

Ndiye lero ndati ndiyankhulepo, chifukwa si iye yekha ayi. Ambirife tinazolowera kumva "of which", "in which", "whereby" pa wailesi, pa misonkhano, kwa ma bwana akamayankhula atavala tayi, ndiye timangoganiza kuti ndi zokometsera ngati anyezi mu ndiwo, kuti ukangowaza pangono kalata yakoma. Ukamva munthu akuti "the rains came late, of which it is not good" umadziwa kuti apa "of which" wangolowa m'malo mwa "ndipo" basi, palibe ntchito imene akugwira. Pocheza ine sindikangana nanu, aliyense wamva. Koma mu kalata ya ntchito, mu lipoti, mu asainimenti ya ku koleji, wowerenga amaona, ndipo ena amangoika kalatayo pambali osakuuzani chifukwa.

Nkhani yake ndi yophweka kuposa mmene aphunzitsi ena ankatiopsezera. Mperekezi amene mwamuika patsogolo pa "which" kapena "whom", kaya ndi in, to, for, with, on, about, simumusankha inuyo chifukwa wakusangalatsani. Amachokera kwa mneni kapena mawu ena amene ali mkati mwa chiganizocho. Mu Chingerezi munthu amati apply FOR a post, ndiye zimakhala "the post for which I am applying". Amati rely ON, ndiye "the data on which we relied". Amati speak TO kapena WITH, ndiye "the officer to whom I spoke". Njira imene ine ndimagwiritsa ntchito ndi yakuti ndimachithyola chiganizocho pawiri, nkuchiyankhula ngati mwana wa sitandade 5. I saw the post in the newspaper. Muli "of" mmenemo? Mulibe. Ndiye "of which I saw" wachokera kuti? Zimangofunika "the post which I saw in the newspaper", olo "the post I saw" kumene, kwatha.

Koma chimene chimandisangalatsa ine ndi ichi, ndipo ndikuona ngati akanatiphunzitsa chonchi ku sukulu bwenzi tisakuvutika. Zolakwa zathu zambiri si umbuli ayi, ndi Chichewa chimene chikugwira ntchito yake m'mutumu. Tamvani mmene timayankhulira ife. Nyumba imene ndimakhalaMO. Mpando umene ndinakhalaPO. Mudzi umene ndinapitaKO. Munthu amene ndinacheza NAYE. Mnyamata amene ndinaMUlembera kalata. Mukuona? Ife timatchula chinthu koyambirira, kenako kumapeto kapena mkati mwa mneni timasiyamo kamchira kolozera chinthu chomwecho, ndipo popanda kamchirako chiganizo chimamveka chopunduka. Nenani kuti "munthu amene ndinacheza" muone ngati anthu sakudikirani kuti mumalize. Ndiye tikafika pa Chingerezi dzanja limayabwa kufuna kuika kamchira kaja, nkulemba "the man whom I spoke with him", "the house which I live in it", "the school where I taught there". Chingerezi cholembedwa sichilola zimenezo. "Whom" uja wanyamula kale "him", "which" wanyamula kale "it". Mukaikanso ndiye kuti mwalipira minibasi kawiri ulendo umodzi.

Palinso mchimwene wake wa vuto lomweli, kuika mperekezi kutsogolo nkuiwala kuti mwamuika, kenako kumuikanso kumapeto. "The company for which I worked for." "The person to whom I gave the money to." Izi ndaziona ngakhale mu zolemba za anthu a ma digiri awiri. Sankhani mbali imodzi abale, kutsogolo kapena kumbuyo.

Apa wina afunsa kuti nanga kumbuyoko nkololedwa? Si paja anatiuza kuti chiganizo cha Chingerezi sichithera ndi mperekezi? Ineyo ndinakula ndikukhulupirira zimenezo ngati lamulo la khumi ndi chimodzi, ndipo tinakwapulidwapo nazo ndi cholembera chofiira. Koma azungu eni ake akhala akumaliza ziganizo choncho kwa zaka mazanamazana. Mmodzi mwa amene anayambitsa mkanganowu ndi wolemba ndakatulo wa ku England, John Dryden, mu 1672, pamene anadzudzula Ben Jonson, mlembi amene anali atamwalira kale, kuti ankasiya mperekezi kumapeto. Dryden ankayeza Chingerezi ndi Chilatini, ndipo mu Chilatini simungamusiye mperekezi yekha kumapeto, ndiye mkuluyu anafika pobwerera ku zolemba zake zomwe nkumakonza. Mu 1762 Robert Lowth, amene pambuyo pake anadzakhala bishopu wa London, analemba buku la galamala limene linafala kwambiri, ndipo iye sanaletse ayi, anangoti kuika mperekezi patsogolo kumamveka kwaulemu ndipo kumayenera zolemba zapamwamba. Choseketsa nchakuti chiganizo chimene ankafotokozera kuti Chingerezi chimakonda kusiya mperekezi kumapeto anachimaliza yekha ndi "to". Anthu obwera pambuyo ndi amene anasandutsa malangizo aja kukhala chikwapu, ndipo chikwapucho chinadzafika mpaka m'makalasi mwathu muno limodzi ndi Chingerezi cha atsamunda.

Ndiye maganizo anga ndi awa. "The person I spoke to" ndi Chingerezi chabwinobwino, palibe tchimo. "The person to whom I spoke" ndi chomwecho chitavala suti. Mukamalemba kalata ya ntchito, lipoti la ku ofesi, pepala la kafukufuku, valani sutiyo, makamaka pa mawu amene anakhazikika kale monga "the extent to which", "the manner in which", "the basis on which". Koma mukavala suti muvale yonse. Mperekezi akakhala patsogolo, chotsatira ndi "whom" kwa munthu ndi "which" kwa chinthu, basi. Kulibe "to who", ndipo "the room in that we met" ndi zosatheka, "that" salola mperekezi patsogolo pake. Ndipo simungachotse "which" nkusiya "the room in we met".

Nthawi zina sutiyo imakana ndithu. Pali aneni ena amene anamatirirana ndi timawu tawo monga look after, put up with, look forward to. Mukati "the children after whom I looked" mzungu adzakuyang'anani modabwa ngati mwamutukwana. Zisiyeni pamodzi, "the children I looked after", ndipo palibe bwana wanzeru amene angakuchotsereni malikisi.

Pamene "of which" ali kwawo kwenikweni ndi pa kuwerengera gawo la zinthu. "I attached three certificates, two of which are certified." "We trained forty farmers, most of whom were women." Apa nde amakoma, chifukwa "of" uja ali ndi ntchito, two OF the certificates, most OF the farmers. Ndipo taonani kachizindikiro ka koma (,) kaja patsogolo pa "two" ndi "most", musakaiwale. Za "whereby" sindichulutsa, tanthauzo lake ndi "by which", njira imene chinthu chikuchitikira, monga "a system whereby farmers are paid by phone". Koma zoti "I went to Lilongwe whereby I met my uncle" izo ndiye ayi, amalume anuwo simunakumane nawo pogwiritsa ntchito Lilongwe.

Mphwanga uja tinakonza naye kalata ija pa foni pomwepo, ma yunitsi anga akutha. Mzere woyamba unakhala "I am applying for the post advertised in the newspaper, for which I hold the required qualifications." Anadandaula kuti tsopano yafupika kwambiri, sikuoneka ngati ya munthu wophunzira. Ndinamuuza kuti atumize momwemo. Mmawa uno wanditumizira meseji kuti "thanks achimwene, ndatumiza, of which ndikudikira ayankhe".