Mayi akakhala phee pamaso pa mlendo, musalembe kuti sacheza ndi mwana

Sabata yatha kwa mlamu wanga ku Makawa kunabwera atsikana awiri a kafukufuku, pepala ndi cholembera m'manja. Sikelo sanatenge ayi. Akuti angokhala pakhonde ola limodzi kuti aone mmene mayi amachezera ndi khanda lake la miyezi 10.

Mlamu wangayu ndimamudziwa ine. Akamayanika usipa pathandala pakamwa sipatseka. Amuimbira mwana, amukalipira kuti wadya mchenga, mwana akati "ba" iye amuyankha m'Chiyao ngati akukamba nkhani ya munda ndi munthu wamkulu. Koma tsiku limenelo? Chitenje chatsopano, mkeka wayala, n'kukhala phee manja pamiyendo. Mwana atamugwira chibwano, iye kumuchotsa kadzanja kuti asasokoneze alendo. Atsikana aja akungochonga.

Musandimve molakwa. Zoti anthu aziona ndi maso m'malo mongofunsa ndikugwirizana nazo. Ukafunsa kuti "Kodi mumasewera ndi mwana?" aliyense avomera. Kusikelo nako timangoyeza thupi, za ubongo zii. Vuto langa lili pa pepalalo ndi amene waligwira.

Mapepala ambiri otere kholo lake ndi HOME, imene Bettye Caldwell ndi Robert Bradley anakonza ku America. Ya ana osafika zaka 3 ili ndi mfundo 45, iliyonse eya kapena ayi: kodi mayi walankhula ndi mwana mlendo akuona, kodi wamuyankha atatulutsa mawu, kodi mwana ali ndi mabuku ake, zidole nanga. Kumeneko mwina mayi amalongolola mlendo ali pompo. Kuno tinaleredwa kuti mlendo akafika, iwe makutu kwa mlendoyo. Ndiye ulemu uziwerengedwa ngati kusasamala mwana?

Nanga agogo amene amakhala ndi khandalo m'mawa wonse, mayi ali kunyanja? Nanga mkulu wake wa Sitandade 3 amene amamubereka akaweruka, n'kumuikira timiyala m'kabotolo kuti azikhochetsa? Pakhomo pathu mwana saleredwa ndi munthu mmodzi.

Zotheka zilipo. MDAT, njira yoyezera kakulidwe ka ana imene inatuluka mu 2010, anaikonza ndi ana a ku Malawi konkuno, mfundo 136 zoona kayendedwe, kagwiridwe ka zinthu, kalankhulidwe ndi kakhalidwe ndi anthu. Koma imeneyo imayeza mwana. Tikufunanso yoonera pakhomo ndi pa sukulu za mkombaphala yobadwira kuno, ndipo aigwire munthu amene mayi samuyalira mkeka: mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo, womva Chiyao, abwere kawiri katatu mpaka anthu amuiwale kuti alipo.

Atsikana aja anatsanzika bwinobwino, osanena chimene apeza. Atangokhota pa mpanda, mlamu ananditembenukira n'kufunsa chapansipansi: "Alamu, ndiye ndakhoza?"